Mwana wa Ng'ombe Akatupa Mimba: Zoyenera Kuchita Pakhomo

Dzulo madzulo kamwanako kanamwa mkaka wonse, mpaka kunyambita ndowa. Lero m'mawa mukuti mulowe m'khola, mukukapeza kataima chopinda msana, miyendo tang'a, mimba ili tototo ngati mpira wopopa kumene. Kakudzimenya pamimba ndi mwendo wakumbuyo, kagona, kadzuka, kagonanso. Mukayandikira mukumva kakukukuta mano. Mkaka mwabweretsawo sikakuufuna n'komwe.

Uku ndiye kutupidwa, ndipo kumapha msanga kuposa matenda ambiri amene timawaopa. Mpweya ukadzaza m'chifu, chifucho chimakankha mapapo ndi kufinya misempha ikuluikulu ya magazi, mwanayo n'kufa chobanika. Nthawi zina zonsezi zimachitika m'maola ochepa chabe. Kwa alimi a mkaka a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje, Lilongwe kapena Mzuzu, amene ambiri ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri, mwana wamkazi akafa ndiye kuti mkaka wa zaka zam'tsogolo wapita. Ngati mwanayo ndi amene mumayenera kupatsira mnzanu wa m'gulu lanu la alimi pobweza ngongole ya ng'ombe, ngongole yanu yatalika ndi chaka china.

Chifu cha mwana si chifu cha make

Amene munaonapo ng'ombe ikutumbulidwa mukudziwa kuti chifu chake chili ndi zigawo zinayi. Pali chifu chachikulu chija chokhala ngati thawulo m'kati, momwe udzu umafikira ndi kuwira. Chimenechi chimakhala kumanzere kwa ng'ombe. Pali tiwiri tapakati, kenaka chomaliza chosalala, chomwe chimagwira ntchito ngati chifu cha munthu. Chomalizachi chimakhala m'munsi, cha kumanja.

Mwana akangobadwa zinthu zimakhala zotembenuka. Chifu chaudzu chimakhala kakang'ono ndipo sichinayambe ntchito, pomwe chomaliza chija, chomwe pano tizichitcha chifu chamkaka, ndiye chachikulu. Mwana akamayamwa, kanjira kena m'kati mwake kamadzipinda ngati ngalande n'kulondolera mkaka molunjika ku chifu chamkaka, osagwera m'chifu chaudzu. Kanjira kameneka kamadzipinda bwino mwanayo akamayamwa modekha mkaka wofunda. Akamamwa mkaka wozizira m'ndowa mothamanga, kapena akakhala wodwala, kamalephera, mkaka n'kutayikira m'chifu chaudzu momwe umasasa ndi kutulutsa mpweya. Chifu chaudzu chimayamba kukula mwana akayamba kutola madeya ndi udzu, pa sabata yachiwiri kapena yachitatu, ndipo chimafika pogwira ntchito mokwanira akamakwana miyezi iwiri kapena itatu.

N'chifukwa chake kutupidwa kwa ana a ng'ombe kuli mitundu iwiri, ndipo chithandizo chake n'chosiyana.

Imani kumbuyo kwake muone mbali yomwe yatupa

Musanagwire botolo lililonse, imani kumbuyo kwa mwanayo muyang'ane mbali zonse ziwiri. Kumanzere ndi kumanja tikunena pano ndi kwa mwanayo, komwe kumafanana ndi kwanu mukaima kumbuyo kwake.

Ngati patupa ndi kumanzere, m'mwamba, pamalo paja pamakhala polowa pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, vuto lili m'chifu chaudzu. Gogodani ndi chala. Pakamalira ngati ng'oma, muli mpweya wokhawokha. Pakamveka mogonthera koma pali pothina, kawirikawiri muli thovu, mpweya wakodwa m'timathovu tating'onoting'ono tomwe mwanayo sangathe kugeya. Kutupa kwa kumanzere kumakonda ana amene ayamba kudya udzu ndi madeya, ndipo apa mlimi angathe kuchitapo zambiri ndi manja ake.

Ngati patupa ndi kumanja, m'munsi, kapena mimba yonse yafufuma mbali zonse, ndipo mwanayo sanakwane mwezi, akukhalira mkaka wokha, ganizirani chifu chamkaka. Mukagwedeza mimbayo ndi dzanja mumamva madzi akukhuvuka m'kati. Apa mkaka wakhalitsa m'chifu ndipo tizilombo ta bakiteriya, makamaka totchedwa Clostridium perfringens, taswana n'kuyamba kutulutsa mpweya ndi poizoni. Mtundu uwu ndiye woopsa kwambiri. Mwana amene anali bwinobwino dzulo akhoza kufa lero lomwe, ndipo palibe mafuta kapena mankhwala a pakhomo amene angauthetse.

Imbirani mlangizi wa ziweto nthawi yomweyo, mbali iliyonse imene yatupa. Mumuuze msinkhu wa mwanayo, mbali yotupa, zomwe wadya kapena kumwa komaliza ndi nthawi yake, ngati akuchita ndowe, komanso mmene akupumira. Ngati muli ndi themometa, muyezeni kumatako; thupi la mwana wabwinobwino limatentha madigiri 38.5 mpaka 39.5. Akuluakulu anati ndionetsetse adathetsa nkhosa. Ndaona mabanja akudikira kuti dzuwa likwere, mwina aphwa yekha, mpaka pomwe mlangizi amafika n'kuti mwanayo atauma kale.

Kukatupa kumanzere

Chotsani chakudya chonse ndi mkaka. Muimikeni pamalo okwera, monga pachulu kapena pamtumbira, miyendo yakutsogolo ikhale pamwamba, yakumbuyo pansi. Kuima kotere kumapeputsa mapapo ndipo kumathandiza kuti mpweya upeze njira yotulukira kukamwa. Sisitani mbali yotupayo ndi chikhatho mokankhira m'mwamba, mwamphamvu pang'ono koma osamenya. Ngati akutha kuyenda, muyendetseni pang'onopang'ono, musamuthamangitse. Akagwa, musalole kuti agone chammbali. Mukhazikeni chogonera pachifuwa, mum'chirikize ndi thumba la udzu.

Pali njira yakale yomwe imathandizadi. Tengani kamtengo kosalala konenepa ngati chala chachikulu, mukapingase m'kamwa mwake ngati mmene galu amanyamulira fupa, n'kukamangirira ndi chingwe kumbuyo kwa makutu. Mwanayo akamatafuna kamtengoko amatulutsa malovu ambiri ndipo amayamba kugeya. Malovu a ng'ombe amachepetsa thovu ndi kusasa kwa m'chifu.

Kenaka mafuta ophikira, omwe timakazingira ndiwo omwewa, a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza. Mafuta amaswa thovu, mpweya n'kumasuka. Mwana wosakwana miyezi iwiri mpatseni mamililita 50 mpaka 60, omwe ndi masupuni aakulu anayi. Wa miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi mpatseni mamililita 100 mpaka 150, osapitirira theka la botolo lagalasi la Fanta, poti botolo limenelo ndi la mamililita 300. Ng'ombe yaikulu ndi yomwe imamwa botolo lathunthu kapena kuposerapo.

Kamwetsedwe kake ndi pomwe ambiri timaphera ana tokha. Mutu wa mwanayo ukhale wowongoka, mphuno yongotukuka pang'ono, osati kuloza kumwamba. Musakoke lilime, chifukwa nyama yogwidwa lilime singameze. Lowetsani sirinji yopanda singano kapena kukamwa kwa botolo cha pambali pa kamwa, pomwe palibe mano, thirani pang'ono, dikirani ameze, thiraninso. Akatsokomola, siyani ndipo tsitsani mutu wake. Mafuta akalowa m'mapapo amayambitsa chibayo chovuta kuchiza, ndiye mwana wopulumuka kutupidwa amadzafa patatha masiku angapo.

Palafini wa m'nyale, oyilo wa galimoto, dizilo, kachasu ndi sopo wochapira waufa zisafike pakamwa pa mwana wa ng'ombe. Zimawotcha kummero ndi chifu. Soda nayenso musam'thamangire mlangizi asanakuuzeni, chifukwa akakumana ndi asidi wa m'chifu amatulutsa mpweya wina pamwamba pa womwe ulipo kale.

Mafuta akagwira, mumamva mwanayo akugeya ndipo mbali yotupa imayamba kufewa pasanathe theka la ola. Ngati palibe kusintha, kapena kupuma kukuipiraipira, yafika nthawi ya payipi.

Kulowetsa payipi

Ndikanakonda mlimi aliyense wa ng'ombe zamkaka ataonetsedwa ntchito imeneyi ndi mlangizi kamodzi, masana, pa mwana wosadwala, asanakumane nayo usiku atanyamula tochi. Pemphani kuti gulu lanu likonze tsiku lotere. Kuwerenga kokha sikukwanira, komabe nazi zoyenera kukumbukira.

Pamafunika payipi yofewa yapulasitiki, yonenepa pafupifupi sentimita imodzi, yotalika mita imodzi ndi theka. Nsonga yake ikhale yosalala. Ngati ili ndi m'mbali mwakuthwa, iwauleni pang'ono pamoto n'kuisalaza. Itsukeni bwino. Yezani kunja kwa thupi kuchokera pamphuno ya mwanayo kukafika pa nthiti yomaliza ndipo ikani chizindikiro pamenepo. Pakani mafuta ophikira kunsonga.

Wina agwire mwanayo ataimirira, matako atatsamira pakona ya khola. Lowetsani payipi pamwamba pa lilime, pang'onopang'ono, mpaka kummero, ndipo mupatseni mpata woti ameze. Musakankhe mwamphamvu. Tsopano gwirani khosi lake kumanzere. Kholingo, lomwe ndi njira ya mpweya, limamveka lolimba, la timizeremizere. Ngati payipi yalowa njira ya chakudya, mudzaimva ikudutsa pambali pa kholingolo, ndiye kuti zala zanu zikugwira zinthu ziwiri. Mukamva chimodzi chokha, mwanayo akutsokomola, ndipo kunsonga ya payipi kukutuluka mpweya motsatana ndi kupuma kwake, mwalowa njira ya m'mapapo. Tulutsani muyambirenso.

Payipi ikafika m'chifu chaudzu simufunsa munthu. Mpweya umatuluka kuti fuu, ndi fungo la zam'mimba, mbali yotupa n'kuyamba kuphwa mukuona. Isuntheni pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo uku wina akusisita mimba. Kwa mwana amene mkaka wakhala ukugwera m'chifu chaudzu, mumatuluka madzi otuwa onunkha ngati mkaka wovunda. Tsitsani nsonga ya payipi kuti atuluke onse amene angathe. Kukangotuluka thovu lochepa n'kutseka payipi, thirani mafuta aja kudzera m'payipi momwemo, koma pokhapokha mwatsimikiza kuti ili m'chifu. Potulutsa, ipindeni kaye kapena tsekani kunsonga ndi chala, n'kuisolola kamodzi, kuti zotsalira m'kati zisadonthere m'mapapo.

Kuboola

Nkhama zikayamba kuda, lilime lili panja, mwanayo akudzandira kapena wagwa, ndipo payipi yakanika, chotsala ndi kuboola chifu chaudzu. Iyi ndi ntchito ya mlangizi kapena munthu amene anaphunzitsidwa. Amaboola kumanzere kokha, pakati pa malo aja ozunguliridwa ndi nthiti yomaliza, fupa la chiuno ndi mafupa a msana, ndi singano yaikulu ya jekeseni, ya nambala 14 kapena 16, yoloza ku mwendo wakutsogolo wakumanja. Malowo amayamba wawameta ndi kuwatsuka. Pambuyo pake mwanayo amafunika mankhwala opha tizilombo, chifukwa zam'chifu zikadonthera m'mimba zimayambitsa chotupa cham'kati chomwe chimapha. Mpeni musayese pa mwana wa ng'ombe. Chifu chake n'chopyapyala, chimang'ambika.

Kukatupa kumanja

Apa zochita zanu n'zochepa, koma n'zofunika. Musam'patsenso mkaka. Musam'mwetse mafuta kapena madzi ambiri, mungowonjezera katundu m'chifu chodzaza kale. Muikeni pouma, pofunda, atagonera pachifuwa kapena ataimirira. Payipi mukhoza kuyesa ngati mukuidziwa, poti nthawi zina zifu zonse ziwiri zimakhala ndi mpweya, koma musadabwe ikatulutsa zochepa: payipi imathera m'chifu chaudzu, siifika m'chifu chamkaka. Musaboole kumanja; kumeneko kuli matumbo.

Mlangizi kapena dokotala wa ziweto ndiye angapereke mankhwala monga penisilini, oletsa ululu ndi madzi obwezeretsa m'thupi, ndipo ngati kuli kofunika amagoneka mwanayo chagada n'kutulutsa mpweya ndi singano pamalo amene iye akuwadziwa. Ngati iye sangathe kubwera msanga koma inu mungathe kupita, nyamulani mwanayo pangolo, atagonera pachifuwa paudzu. Ngakhale ndi chithandizo chabwino, ena sapulumuka. Mtundu uwu timaugonjetsa pakamwetsedwe.

Mwana wotsamwidwa

Nyengo ya mango, ana okulirapo amameza nthangala za mango, ndipo nthawi yokolola amatola mbatata kapena zitsononkho. Chinthu chikatsakamira kummero, mpweya umasowa potulukira ndipo mimba imatupa kumanzere mofulumira. Mwanayo amatambasula khosi, dovu lili chuchuchu, ndipo madzi akamwa amabwerera m'mphuno. Wotere musam'mwetse kalikonse. Papasani khosi kumanzere. Mukachimva chinthucho, chikankhireni m'mwamba cha kukamwa ndi zala, mofatsa. Musachisokosere pansi ndi ndodo kapena mpini wa tsache, mungaboole njira ya chakudya.

Chenjezo lina pano ndi la moyo wanu. Ng'ombe yodwala chiwewe imaoneka ngati yatsamwidwa: imatuluka dovu, imalephera kumeza, imalira modabwitsa, ndipo nthawi zina imatupa mimba. Chiwewe chilipo m'midzi mwathu. Ngati mwanayo analumidwapo ndi galu, kapena khalidwe lake lasintha, musapise dzanja m'kamwa mwake, ndipo ana a pakhomo asayandikire. Chimodzimodzi chiweto chimene chafa mwadzidzidzi, n'kufufuma msanga, magazi akuda akutuluka m'mphuno ndi kumatako: musachitumbule, musadye nyama yake. Akhoza kukhala matenda a anthrax, omwe amagwiranso anthu. Dziwitsani a zaziweto.

Mimba ikaphwa

Musafulumire kubwezera mkaka wonse chifukwa chomumvera chisoni. Pa chakudya chotsatira mpatseni madzi ofunda osakaniza ndi mankhwala obwezeretsa mchere m'thupi, aja a m'mapaketi ogulitsidwa kumalo a mankhwala a ziweto. Kenaka yambani mkaka theka la lita kufika lita imodzi, katatu kapena kanayi patsiku, kudzera m'botolo la titi, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa masiku awiri kapena atatu. Wamkulupo mpatseni udzu wouma wabwino ndi madzi, madeya ayambe adikira.

Mwana amene amatupa lero, n'kuphwa, n'kutupanso mkucha, ali ndi vuto lina pansi pake. Chikhoza kukhala chibayo, chifukwa zotupa za m'chifuwa zimafinya njira ya chakudya. Ukhoza kukhala ubweya umene wadziunjika m'chifu chifukwa chonyambitana ndi anzake. Kawirikawirinso ndi majumbo. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, koma akadali mbwee m'misika ndi m'mayala, ndipo mwana wa ng'ombe amatafuna chilichonse, makamaka jumbo yomwe munali mchere kapena mandasi. Wotere aonedwe ndi mlangizi, payipi yokha siim'chiritsa.

Vuto limayambira pa ndowa

Ana oyamwa okha kwa make, monga mmene zimakhalira ndi ng'ombe zathu zachikuda, satupidwa kawirikawiri, chifukwa amayamwa pang'onopang'ono, kangapo patsiku, mkaka wofunda ndi waukhondo. Vuto limachuluka m'makola a ng'ombe za Friesian ndi Jersey, momwe mwana timam'chotsa kwa make kuti mkaka upite kogulitsa. Palibe cholakwika pamenepo, malinga ndowa yathu itsanzire bere la make.

Yambani ndi mkaka woyamba wachikasu uja, chithuwi. Mwana amwe pafupifupi malita 2 m'maola awiri oyambirira, ndi enanso tsiku lisanathe. Chitetezo chili mumkakawu chimalowa m'magazi pa tsiku loyamba lokha; pakatha maola 24 matumbo amakhala atatseka.

Kuyambira apo, mkaka wa tsiku lonse ukhale gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa mwanayo. Wa makilogalamu 30 amwe malita 3 patsiku, wa makilogalamu 40 malita 4. Gawani kawiri, ndipo m'masabata awiri oyamba katatu n'kwabwino koposa. Musapitirire malita 2 nthawi imodzi. Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chomusiya ndi njala tsiku lonse, poti aliyense ali kumunda kapena kumaliro, n'kudzam'patsa malita onse madzulo. Nthawi yomwetsa ikhale imodzimodzi tsiku ndi tsiku.

Mkaka ukhale wofunda ngati wongokama kumene, madigiri 38 kapena 39. Njira yapafupi ndiyo kumwetsa mwana mukangomaliza kukama. Ngati wazizira, monga zimakhalira m'mawa wa mu June ndi July, ikani chigubu cha mkaka m'beseni la madzi otentha, ndipo yesani podontheza pamkono panu. Botolo kapena ndowa ya titi imaposa ndowa wamba. Bowo la titi likhale laling'ono: mukazondotsa botolo mkaka uzidontha, usamachite kuthira. Ndikudziwa kuti achinyamata otumidwa kukamwetsa amakonda kukulitsa bowolo ndi lezala kuti ntchito ithe msanga. Makolo, muziiona titiyo. Ngati muli ndi ndowa wamba yokha, yambani mwam'yamwitsa zala zanu zosamba, n'kutsitsa dzanja mumkaka akuyamwabe, ndipo ndowayo ikhale yokwezeka pang'ono, osati pansi penipeni.

Mkaka umene wabwezedwa kogulitsa chifukwa wayamba kusasa, kapena wochokera ku bere lotupa, ambiri amati bola amwe mwana kusiyana n'kutaya. Umenewo ndiwo umam'tupitsa. Musathire madzi mumkaka kuti uoneke wambiri. Musathiremo shuga, chifukwa mwana wa ng'ombe sagaya shuga wa nzimbe, amangowira m'mimba. Phala la ufa nalonso lisalowe mumkaka wa mwana wosakwana masabata atatu. Chifu chake sichinayambe kugaya ufa. Ndowa, botolo ndi titi zitsukidwe ndi sopo ndi madzi otentha mukangomaliza kumwetsa, ziume chozondoka padzuwa.

Madzi akumwa aukhondo akhalepo kuyambira sabata yoyamba, m'chiwiya chawochawo. Kungoti akangomaliza mkaka, adikire kanthawi asanamwe madzi. Madeya kapena chakudya cha ana a ng'ombe chogula yambani ndi kadzanja kamodzi, muziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo zotsala za dzulo muzichotsa. Madeya achuku kapena oyamba kutentha m'thumba musapereke. Chitseko cha mosungira madeya chizikhala chotseka, popeza mwana akalowamo n'kudya mpaka kukhuta, kutupidwa kwake kumabwera ndi kusasa kwa m'chifu komwe kumapha. Matumba a feteleza wa urea nawonso akhale kutali. Kungonyambita pang'ono kumatupitsa ndi kupha.

Mvula ikagwa, mu December ndi January, msipu wanthete ndi masamba a mbewu za m'gulu la nyemba, monga chitambe ndi khwanya, ndiwo amabweretsa kutupa kwa thovu, makamaka akadyedwa ndi mame pamimba yanjala. Mwetani lero, ziyanikeni zifote, mupereke mawa, mutasakaniza ndi udzu wouma kapena nsenjere yokhwimirapo. Ana opita kubusa ayambe adya udzu wouma m'khola ndipo atuluke mame atakamuka. Chigwada chosafota ndi mphukira za mapira zili ndi poizoni wakewake, zisapatsidwe n'komwe.

Lero lomwe, pezani botolo laling'ono la mafuta ophikira, sirinji ya mamililita 20, payipi yofewa ndi tochi, muziike m'kathumba kamodzi pafupi ndi khola. Nambala ya foni ya mlangizi wa ziweto wa dera lanu ilembedwe pakhoma pomwe aliyense wa m'banjamo, ngakhale mwana wasukulu amene amamwetsa madzulo, angathe kuiwerenga.